Famase ina ya pa boma pa Dedza: kumene mankhwala ake amachokera ndi mmene imatsatirira odwala

Pa boma pa Dedza pali malo angapo ogulitsira mankhwala, ndipo ambiri mwa ife timasankha kolowa potengera kuyandikira kwa malowo kapena kutsika kwa mitengo yake. Famase imene ndikuiunika pano ndi imene ndimagulako mankhwala a amayi anga, omwe ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pamodzi ndi mankhwala ena ofunika pakhomo. Sindiitchula dzina chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, komanso chifukwa muyezo umene ndaiyezera ungagwire ntchito pa famase iliyonse ya ku Dedza kuno kapena ya ku Ntcheu. Ndisanabwerere kwathu kuno ndinagwirako ntchito ku Lilongwe pa kampani ina yoitanitsa mankhwala kuchokera kunja, ndipo ntchito yanga inali yosonkhanitsa mapepala opemphera chilolezo chogulitsa mankhwala m'dziko muno. N'chifukwa chake ndikalowa mu famase ndimakhala ndi mafunso awiri mumtima: mankhwalawa anadutsa m'manja mwa ndani asanafike pa shelefu, nanga akamuvuta wodwala alipo amene amalemba ndi kutsatira nkhaniyo? Pa mafunso awiriwa famase imeneyi ikuchita bwino ndithu, ngakhale kuti pa mitengo ndi pa kasamalidwe ka makasitomala ili ndi zofunika kukonza.

Malo ake ndi aang'ono: chipinda chimodzi chokhala ndi kauntala yaitali, benchi yodikirirapo, ndi kachipinda kosungiramo katundu kumbuyo. Pakhoma loyang'anizana ndi khomo apachikapo ziphaso ziwiri, chimodzi cha malowo ndi china cha katswiri wa zamankhwala amene amayang'anira famaseyo, ndipo zonse sizinathe ntchito. Ziphasozi zimachokera ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe ambiri timangolitchula kuti PMRA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, ndipo linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board imene inkagwira ntchitoyi motsatira lamulo la mu 1988. Ndi bungwe limeneli limene limalemba m'kaundula akatswiri a zamankhwala, kupereka ziphaso kwa mafamase, masitolo a mankhwala ndi makampani opikulitsa, komanso kuvomereza mtundu uliwonse wa mankhwala usanayambe kugulitsidwa. Komabe chiphaso pakhoma sichithandiza ngati mwini wake sapezeka, ndipo si zachilendo m'matauni athu kupeza dzina la katswiri lili pakhoma pamene iye ali kutali, kauntala atamusiyira wachibale. Pa famase iyi mayi amene dzina lawo lili pa chiphaso ndi omwewo amene amakulandirani masiku ambiri a pakati pa sabata, ndipo ndi iwo amene amawerenga kalata ya dokotala asanatulutse mankhwala.

Kuti zimveke chifukwa chake ndikuika mtima pa kaundula wa mankhwala ovomerezeka, ndi bwino ndifotokoze zimene kampani imapereka kuti mankhwala ake alembedwemo. Pempholo limakhala fayilo ya masamba mazanamazana, nthawi zina zikwi, yosanjidwa m'ndondomeko imene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, yotchedwa Common Technical Document, yomwe ili ndi zigawo zisanu. Chigawo choyamba ndi cha dziko limene mukupemphako chilolezo, ndipo mumakhala mafomu, dzina la woimira kampaniyo m'dziko muno, chikalata chochokera ku dziko limene mankhwalawo apangidwa chonena ngati ali ovomerezeka kumeneko, chitsanzo cha katoni ndi kapepala ka malangizo ka m'kati. Chachiwiri ndi chidule cha zigawo zotsatira. Chachinayi chimafotokoza kafukufuku wa mu labotale ndi wa pa nyama, pamene chachisanu chimafotokoza kafukufuku wa pa anthu. Chachitatu ndachisiya padera chifukwa ndi chimene chinkatigonetsa mochedwa mu ofesi, komanso ndi chimene chimakhudza kwambiri mankhwala amene timagula ku Dedza kuno.

Chigawo chachitatuchi ndi cha kapangidwe ndi ubwino wa mankhwalawo. Mmenemo kampani imatchula fakitale imene imapanga ufa weniweni wochiza wa m'piritsimo, yomwe kawirikawiri imakhala yosiyana ndi fakitale imene imaumba piritsilo, ndipo ufa wambiri wotere umachokera ku India ndi ku China. Imatchulanso zinyalala zimene zingatsalire mu ufawo ndi malire ake ololedwa, zinthu zina zonse zosakaniza, njira yoyezera kuchuluka kwa mankhwala m'piritsi limodzi, ndi nthawi imene piritsilo limatenga kuti lisungunuke. Fakitaleyo imayenera kusonyeza kuti imatsata malamulo a kapangidwe kabwino ka mankhwala, odziwika ndi zilembo zakuti GMP, ndipo oyendera angathe kupita okha kukaiona ndi maso. Zitsanzo za mankhwalawo zimaperekedwa limodzi ndi pempholo kuti zikayezedwe. Ounika akapeza pokayikitsa amabweza mafunso, ndipo funso limodzi lokha, mwachitsanzo lofuna kudziwa chifukwa chake fakitale yasintha kumene imagula ufa wochizawo, likhoza kuimitsa pempho kwa miyezi. Eni makampani ankanyinyirika kwambiri ndi kuchedwa kotere chifukwa katundu wosagulitsidwa sabweretsa ndalama, koma ine lero, pamene ndikuwerengera amayi anga mapiritsi m'mawa uliwonse, ndimathokoza kuti pali anthu amene amafunsa mafunso amenewo.

Tsiku lothera mphamvu limene timawerenga pa katoni limachokeranso m'chigawo chomwechi. Mankhwala amaikidwa, ali m'paketi momwe adzagulitsidwire, m'zipinda zotentha madigiri 30 ndi chinyezi cha 65 kapena 75 pa 100 aliwonse kwa miyezi yambiri, pamene ena amaikidwa pa madigiri 40 kwa miyezi 6 kuti zioneke msanga mmene angawonongekere. Mayiko otentha ngati lathu amafuna zotsatira za pa madigiri 30, chifukwa zotsatira za pa madigiri 25, zimene zimakwanira ku Ulaya, sizifotokoza mmene mankhwala angakhalire kuno. Pa boma pa Dedza, pamene pali pamtunda wa mamita oposa 1,500, kutentha si vuto lalikulu, ndipo mu Juni ndi Julaye timadandaula za chisanu. Koma katoni yomweyo ikatsika mapiri kupita ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu Okutobala imakumana ndi nyengo ina. Ndamva mayi a pa famaseyi akufunsa kasitomala kumene amakhala, kenako n'kumulangiza kuti asaike mankhwala pawindo kapena pafupi ndi denga la malata, ndiponso kuti asachotse mapiritsi m'kapepala kake kasiliva mpaka nthawi yomwera itakwana, chifukwa chinyezi cha m'dzinja chimawafewetsa. Filiji yawo ya mankhwala a shuga a insulin, yomwe iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ili ndi choyezera kuzizira ndi kabuku kolembamo m'mawa ndi madzulo, ndipo magetsi akazima imalumikizidwa ku mabatire a sola. Ndinatsegula kabukuko ndipo sindinapeze masiku odumphidwa kapena manambala ofanana olembedwa ndi dzanja limodzi tsiku limodzi, zomwe zimachitika pamene munthu akungodzaza kuti oyendera aone.

Mankhwala ambiri pa mashelefu a famaseyi ndi opangidwa ndi makampani ena, ambiri a ku India, motengera a kampani imene inawatulukira poyamba. Ndamvapo makasitomala akukana katoni chifukwa chakuti maonekedwe ake asintha kapena mtengo wake ndi wotsika, poganiza kuti chotsika mtengo n'chochepa mphamvu. Mayiwa amafotokoza moleza mtima, ndipo zimene amanena ndi zoona. Kampani yopanga mankhwala otere sibwereza kafukufuku yense wa pa odwala, koma imayenera kusonyeza kuti piritsi lake limalowa m'magazi mofanana ndi loyambalo. Anthu athanzi odzipereka amamwa piritsi la kampani imodzi, patapita masiku amamwa la kampani inayo, magazi awo amatengedwa pa maola osiyanasiyana, ndipo zotsatira zake ziyenera kugwera pakati pa 80 ndi 125 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi za kampani yoyambayo. Popanda umboni umenewu, mapiritsi ambiri akumwa salembedwa m'kaundula. Kuunika mafayilo otere kumafuna akatswiri ambiri, n'chifukwa chake mu 2013 mayiko a Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anayamba kugawana ntchitoyi pa mgwirizano wa ZaZiBoNa, womwe Malawi ndi mayiko ena a SADC analowamo pambuyo pake, ngakhale kuti chigamulo chomaliza chimakhalabe cha dziko lililonse. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO nalo lakhala likuunika mankhwala a HIV, TB ndi malungo kuyambira mu 2001, ndipo zotsatira zake zimathandiza mayiko kufulumizitsa ntchito.

Nditawafunsa mayiwa kumene amaoda katundu wawo sanakhumudwe monga amachitira ogulitsa ena, koma anatulutsa fayilo ya malisiti ochokera ku makampani opikulitsa a ziphaso a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Pa lisiti lililonse pali dzina la mankhwala, nambala ya gulu limene mankhwalawo anapangidwira limodzi, ndi tsiku lothera mphamvu. Ndinatenga katoni imodzi pa shelefu n'kuyerekeza nambala yake ndi ya pa lisiti, ndipo zinagwirizana. Izi n'zosiyana kotheratu ndi zimene timaona tsiku la msika ku Lizulu, ku Chimbiya kapena ku Tsangano, kumene makapisozi amitundumitundu amayalidwa pa saka, padzuwa, ena atachotsedwa kale m'mapaketi. Popeza malire a Mozambique ali pafupi kwambiri, moti ku Lizulu kungodutsa msewu wa M1 mwafika kale dziko lina, timakumananso ndi makatoni olembedwa m'Chipwitikizi. Sindikunena kuti katoni iliyonse yotere ndi yachinyengo. Ina ikhoza kukhala yovomerezeka kwawoko. Vuto ndi lakuti yalowa m'njira yosadziwika, palibe amene akudziwa mmene yasungidwira panjira, wogula sangawerenge malangizo ake, ndipo ikapezeka ndi vuto palibe amene angaitsatire kuti aichotse. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti mankhwala amodzi pa 10 aliwonse m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono amakhala osakwanira muyezo kapena achinyengo. Achinyengowo akhoza kukhala ndi makatoni owala kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene akuona ngati nkhani za mapepalazi ndi zongovutitsa amalonda akumbukire zimene zinachitika ku Gambia mu 2022, pamene ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitaleka kugwira ntchito atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine ochokera ku India. Mu Okutobala chaka chimenecho WHO inachenjeza dziko lonse kuti m'mankhwalawo munali diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu zapoizoni zimene zimalowa kudzera m'zosakaniza zosayezedwa bwino. Ku Indonesia ana oposa 200 anamwalira m'chaka chomwecho ndi vuto lofanana. Mabotolowo ankaoneka abwinobwino, ndipo makolo amene anawagula ankangofuna kuti ana awo agone. Kuyeza zosakaniza zotere ndi imodzi mwa ntchito za chigawo chachitatu chija, ndipo kusunga nambala ya gulu, monga imachitira famase iyi, ndi kumene kumathandiza kupeza mabotolo otsala asanafike kwa mwana wina.

Mankhwala amagawidwa m'magulu: ena angagulitsidwe ngakhale mu golosale, ena mu famase mokha, ndipo ena pokhapokha pali kalata ya dokotala. Famaseyi imasunga malire amenewa, ngakhale kuti kutero kumaitayitsa malonda. Tsiku lina ndili pa benchi kunalowa bambo wina wa kabaza amene anati, "Mayi, ndipatseniko makapisozi awiri okha a amoxicillin, chimfine chandisautsa." Mayiwo anayankha kuti, "Bambo, makapisozi amenewa sachiza chimfine, ndipo awiri okha sangachize matenda aliwonse. Ndikupatsani Panado ndi malangizo. Mukaona kuti thupi likutenthabe, pitani akakuoneni kuchipatala, ndipo akakulemberani ndidzakupatsani okwanira." Bamboyo anatuluka atakwinya nkhope, ndipo n'kutheka kuti anakagula kumsika. Ndinamumvera chisoni chifukwa tsiku lokhala pamzere kuchipatala ndi tsiku lopanda ndalama kwa munthu wa kabaza, koma mayiwo anachita zoyenera, popeza kumwa mankhwala opha tizilombo moduladula ndi kumene kukuchititsa kuti tizilomboto tileke kumva mankhwala, ndipo amene adzavutike ndi mwana wachibayo amene amoxicillin adzalephere kumuchiza.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi mmene famaseyi inachitira pamene mankhwala anawavuta amayi anga. Adokotala anawalembera mankhwala a kuthamanga kwa magazi otchedwa enalapril, ndipo patapita milungu ingapo anayamba kutsokomola chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chimene chinkawadzutsa usiku. Inali nyengo yozizira, ndipo ndinapita kukawagulira mankhwala a chifuwa. Mayi a pa famase asanatembenukire ku shelefu anafunsa kuti, "Kodi agogowo akumwa mankhwala ena ati? Mwabwera nako kabuku kawo ka kuchipatala?" Anatsegula kabukuko, n'kuyerekeza tsiku limene anayamba mapiritsi atsopano ndi nthawi imene chifuwa chinayamba, kenako anati, "Bambo, mankhwala a chifuwa sindikugulitsani lero. Chifuwachi chikhoza kukhala chochokera ku mapiritsi a BP amenewa. Asasiye okha kumwa, koma mawa apite kwa adokotala awo akawafotokozere. Mukaona milomo kapena lilime likutupa, musadikire mawa, muthamange nawo kuchipatala." Chifuwa chouma ndi vuto lodziwika la mankhwala a gulu la enalapril, ndipo kutupa kwa milomo ndi lilime, ngakhale kuti kumachitika mwa apo ndi apo, kumakhala koopsa chifukwa kungatseke mpweya. Adokotala anawasinthira mankhwala ena, ndipo chifuwacho chinatha pang'onopang'ono. Wogulitsa wongofuna ndalama akanandipatsa botolo, ndipo ndikanabweranso kudzagula lachiwiri ndi lachitatu.

Nditabwerera kukawauza zotsatira, mayiwa anatulutsa fomu yoperekera lipoti la mavuto obwera ndi mankhwala n'kuidzaza ine ndikuona. Fomuyo sifuna dzina lonse la wodwala, koma zilembo zoyambirira za dzina, zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi kulemera kwake. Imafunsa dzina la mankhwala amene akukayikiridwa, kampani yopanga, nambala ya gulu, mlingo umene wodwala ankamwa, tsiku loyamba ndi losiya, mankhwala ena onse amene ankamwa nthawi yomweyo kuphatikizapo azitsamba, mmene vutolo linaonekera, ndi mmene linathera. Anandifunsa ngati amayi anagonekedwa m'chipatala, chifukwa vuto lochititsa imfa, kugonekedwa, kulumala kapena chilema chobadwa nacho limawerengedwa kuti ndi lalikulu ndipo lipoti lake liyenera kupita mwachangu. Anandifotokozeranso kuti wolemba lipoti safunika kutsimikiza kuti mankhwalawo ndi amene achititsa vutolo. Kukayikira kokha n'kokwanira, ndipo kuunika ndi ntchito ya akatswiri. Malipoti otere amapita ku PMRA, yomwe imagwira ntchitoyi mothandizana ndi akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kuchokera kumeneko amalowa mu nkhokwe ya dziko lonse yotchedwa VigiBase imene imasungidwa ku Uppsala m'dziko la Sweden.

Wina angafunse kuti kodi fomu yoteroyo ili ndi ntchito yanji ngati mankhwalawo anaunikidwa kale asanalembedwe m'kaundula. Yankho lake ndi lakuti kafukufuku wa pa anthu amachitika pa odwala mazana kapena zikwi zochepa, kwa nthawi yochepa, ndipo kawirikawiri amasiya kunja amayi oyembekezera, ana, okalamba ndi amene akumwa mankhwala ambiri nthawi imodzi. Vuto limene limagwira munthu mmodzi pa anthu 10,000 silingaoneke m'gulu laling'ono chotero, ndipo limadzaonekera mankhwala atafika kale m'midzi. Dziko linaphunzira zimenezi mowawa ndi mankhwala a thalidomide, amene anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957 ndipo amayi oyembekezera ankawamwa kuti aletse nseru. Pamene ankachotsedwa pamsika mu 1961, ana oposa 10,000 anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Kuchokera pa tsoka limenelo, mu 1968 WHO inayambitsa ndondomeko yoti mayiko azisonkhanitsa malipoti pamodzi, ndipo kuyambira mu 1978 ntchitoyi yakhala ikuyendetsedwa kuchokera ku Uppsala.

Kwathu kuno zitsanzo zilipo, ndipo ambiri tinaziona pa abale athu. Pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, mankhwala oyamba anali ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yosawerengeka koma patapita nthawi anasiya ena ndi dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, ena masaya ataphwa ndi miyendo itaonda moti anthu ankawazindikira pamsewu. Umboni wa mavuto amenewa utachuluka, Malawi inayamba kusamutsira odwala ku mankhwala okhala ndi tenofovir mu 2011, ndipo ambiri anasinthidwa mu 2013. Kutsatira kotere kumathanso kuyeretsa dzina la mankhwala amene akukayikiridwa. Mu 2018 kafukufuku wa ku Botswana anaonetsa chizindikiro chakuti ma ARV otchedwa dolutegravir angachititse vuto la msana ndi ubongo mwa ana amene amayi awo anatenga pakati akumwa mankhwalawo. Akatswiri anapitiriza kuwerenga ana obadwa, chiopsezocho chinaoneka chochepa kwambiri kuposa mmene ankaopera, ndipo mu Julaye 2019 WHO inalangiza kuti mankhwalawo angaperekedwe kwa onse, kuphatikizapo amayi a msinkhu wobereka. Zigamulo zonsezi zinadalira anthu amene anakhala pansi n'kulemba zimene aona, monga anachitira mayi a pa famase ija. Makampani nawo ali ndi udindo wosonkhanitsa malipoti a mankhwala awo, kupereka chidule chake kwa oyang'anira nthawi ndi nthawi, kusintha kapepala ka malangizo pakapezeka vuto latsopano, ndi kubweza gulu lonse la mankhwala likapezeka lolakwika.

Zodandaula zanga zikuyambira pa mitengo. Mankhwala a pa famaseyi ndi okwera poyerekeza ndi masitolo ena a pa boma pomwepa, ndipo chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, mtengo wa mwezi uno sufanana ndi wa mwezi wamawa. Ndikumvetsa kuti mankhwala ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa, ndiponso kuti kuoda ku makampani a ziphaso, kulipira katswiri ndi kusamala filiji zili ndi mtengo wake. Koma palibe chifukwa chosalembera mitengo poyera. Pa mashelefu palibe mtengo uliwonse, kasitomala amaumva atafika kale pa kauntala anthu ali pambuyo pake, ndipo ndaonapo mayi wina wokalamba akubweza theka la mapiritsi a mwezi mwamanyazi chifukwa ndalama ya m'mpango sinakwane. Pamene pali mitundu iwiri ya mankhwala ofanana, wothandizira wa pa kauntala amayamba watulutsa wodula, ndipo wotsika mtengo umatuluka pokhapokha mwafunsa. Mayi oyang'anirawo sachita zimenezi, koma ndi udindo wawo kuphunzitsa wantchito wawo.

Chachiwiri chimene chimandiwawa ndi kudula timapepala tasiliva ta mapiritsi. Munthu akagula mapiritsi ochepa, amadula ndi sizasi n'kuika m'kaenvulopu ka pulasitiki kolembedwa mmene angamwere, koma chidutswa chimene wapatsidwacho nthawi zambiri chimakhala chopanda nambala ya gulu ndi tsiku lothera mphamvu, chifukwa zimenezi zimadindidwa kumapeto kumodzi kokha. Famase imene imasamala chotere polemba manambalawa m'mafayilo ake siyenera kuwataya pa sitepe yomaliza, pamene wodwala akuchoka. Ngati mankhwalawo amuwenga ali kumudzi, fomu ija idzadzazidwa ndi chiyani? Kulemba manambala awiriwa pa kaenvulopu ndi ntchito ya kamphindi. Kapepala ka malangizo nako kamakhala kamodzi m'katoni yonse, kotero ogula pang'ono sakaona n'komwe, ndipo amene akalandira amapeza kuti ndi ka Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Famase singasinthe kapepala kovomerezeka, koma ingathe kulemba m'Chichewa zizindikiro zoopsa za mankhwala amene amagulidwa kwambiri, monga zilonda za m'kamwa ndi matuza apakhungu kwa omwa Bactrim, n'kumapereka kwa makasitomala.

Malo oyankhulirana mwachinsinsi kulibe. Benchi ili pafupi kwambiri ndi kauntala moti funso lililonse limamveka kwa onse, ndipo m'tauni yaing'ono ngati yathu, mmene wokhala pa benchi angakhale mnansi kapena mpongozi, munthu amene mankhwala amubweretsera vuto la m'banja kapena la kumalo obisika sanganene. Malipoti ambiri amafera pamenepa. Kachipinda ka kumbuyo kangathe kukonzedwa kuti mukhale mipando iwiri ndi katani. Palibenso chikwangwani chilichonse chouza anthu kuti mankhwala akawavuta angathe kudzanena pa famasepo, kotero mafomu aja amakhala mu dilowa, ndipo amatuluka pokhapokha mayiwo atazindikira okha vuto. Pafupi ndi khomo pali shelefu ya mabotolo azitsamba ndi owonjezera mphamvu m'thupi, ena olembedwa kuti amathandiza shuga ndi BP, ndipo shelefu imeneyi sigwirizana ndi kusamala kumene kuli pa mankhwala ena onse. Nditawafunsa anati anthu amawafuna, koma munthu amene waona botolo lotere mu famase ya chiphaso amakhulupirira kuti ladutsa m'mayeso onse aja, ndipo ena amasiya mapiritsi a dokotala n'kudalira botololo.

Mankhwala a matenda okhalitsa amatha nthawi zina, makamaka kumapeto kwa mwezi, koma mayiwa amalemba nambala ya foni n'kuimba katundu akafika kuchokera ku Lilongwe, ndipo akasintha kampani yopanga amauza wodwala kuti piritsi lasintha maonekedwe pofuna kuti asamwe akale ndi atsopano nthawi imodzi poganiza kuti ndi mankhwala awiri osiyana. Kwa amene ali ndi wodwala wa BP, shuga, mphumu kapena khunyu, amene amamwa mankhwala mwezi ndi mwezi, ndikuilimbikitsa famaseyi ngakhale ili yokwera mtengo, ndipo afunse mtundu wotsika mtengo komanso apemphe kuti nambala ya gulu ndi tsiku lothera mphamvu zilembedwe pa kaenvulopu. Ochokera kutali, monga ku Lobi, ku Mayani kapena ku Linthipe, afike m'mawa pakati pa sabata atanyamula kabuku ka kuchipatala ndi katoni yakale ya mankhwala, chifukwa Loweruka masana mayiwa sapezeka kawirikawiri, ndipo wothandizira wawo saloledwa kutulutsa mankhwala ofuna kalata ya dokotala iwo palibe.